Chibangili cha NyaHarawa

M'mawa uliwonse, asanasambe n'kumaso komwe, apongozi anga a Lettie NyaHarawa ankakhala pakhonde n'kugwira chibangili chawo cha mkuwa. Ankachikankhira m'mwamba ndi chala chachikulu kuti aone pamene chifike. Chikakana kusuntha ankamwetulira, ndipo tsiku limenelo tonse pakhomo tinkakhala pamtendere. Chikasuntha pang'ono chabe, mwina chifukwa cha chisanu cha m'mawa, ankayamba kufunsa amene anachepetsa mafuta m'ndiwo za dzulo.

Ine ndine Flossie, mkazi wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Hezron Msiska. Kwathu ndi ku Ntchisi. Tinakumana ku Kasungu, kumene iye ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya, ndipo anabwera nane kwawo ku Mhuju m'chaka cha 1982. Chitumbuka chimene ndinkadziwa chinali "yewo" basi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo kuyankhula pagulu sindinakuzolowere mpaka lero. Ndimaonetsetsa zinthu, koma pakamwa pamalemera.

Tsiku limene ndinafika, ndinagwada pansi monga mwa mwambo. Iwo sanayambe ndi moni. Anandigwira mkono, n'kuuzunguliza ndi zala ziwiri, zalazo n'kukumana.

"Hezron, wabwera ndi mkazi kapena mpini wa khasu?"

Amayi amene anabwera kudzandiona anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi.

"Musadandaule, mkamwana," anatero m'Chichewa chawo chopindika chimene anaphunzira kwa oyendetsa malole. Mkamwana ndi mmene kuno amaitanira mkazi wa mwana wawo. "Kuno simuchoka chonchi. Mukadzapita kwanu kukacheza, akaone okha kuti kwa a Msiska kumadyedwa."

Zimenezi sankanena mocheza. Mkamwana akapita kukaona makolo ake, abale amayamba ayang'ana khosi ndi mikono asanafunse za ulendo. Akanenepa, ndiye kuti akusungidwa bwino. Akaonda, nkhani imafika mpaka kwa ankhoswe. Ndiye Amama, monga ndinkawaitanira, ankandiunjikira mandasi m'mbale, n'kukhala pomwepo kundiyang'anira mpaka nditamaliza.

Iwo anali munthu wamkulu thupi. Pakhomo la nyumba ankalowa chammbali. Mpando wawo wa pamalo pamene ankagulitsa tiyi pamsika unali wopangitsa mwapadera, wa matabwa a mlombwa. Koma maso awo sankakhazikika. Ali chikhalire pampandopo ankaona zonse: amene watsika basi, amene wanyamula nkhuku, amene akuthawa anyamata ofunsa makhadi a chipani pachipata cha msika. Zala zawo zinkangogogoda pabondo ngati munthu amene wachedwa ulendo.

Mbiri yawo anandiuza pang'onopang'ono tikusenda mtedza. Anabadwira ku Chitimba, kunyanja, m'banja la asodzi. Ali mtsikana anali woonda kwambiri, moti anzawo ankawatcha Bango. Anakwatiwa ndi a Amock Msiska a kuno ku Henga, amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Kitwe. Chibangili chija anabwera nacho ndi a Amock. Chinali chosula chozungulira, chopanda potsegula. Atawaveka pamaso pa azilamu awo, chinadutsa dzanja, chinadutsa chigongono, mpaka chinakaima pafupi ndi phewa.

"Azilamu anga anagwa pansi n'kuseka," anandiuza. "Ndipo bambo wa Hezron anati, tsiku limene chidzagwire dzanja ndidzadziwa kuti ndili ndi mkazi. Ankaseka nawonso. Ine ndinasekanso, nanga ndikanatani?"

A Amock anabwerera kumigodi Hezron ali wakhanda. Patapita nthawi, munthu wina wochokera komweko anafika ndi nkhani yoti akwatira mkazi wina, wodzaza pakhomo. Sanabwerenso, ngakhale maliro awo anachitikira komweko.

Kuyambira pamenepo Amama anakhala munthu wa pamsewu. Ankagula usipa wouma ku Chitimba, n'kusenza dengu pamutu, mwana kumbuyo, n'kukwera Gorodi, msewu wokhotakhota uja wokwera phiri kupita ku Khondowe. Ankagona kwa achibale ku Nchenachena, n'kutsikira ku Mhuju kukagulitsa, kenako n'kubwerera ndi chimanga. Akafika kunyanja sankakhalitsa. Akafika kumtunda sankakhalitsanso. Chibangili ankachimangirira ndi kansanza pamkono kuti chisagwe.

"Miyendo yanga inali ngati ya mbuzi," ankatero. "Koma aliyense wondiona ankati, mayi uyu akuvutika, mwamuna anamuthawa. Munthu woonda sakhulupiriridwa, mkamwana. Ngakhale useke, amati ukubisa njala."

Hezron atakula, iwo anasiya dengu n'kumanga kanyumba ka tiyi pamsika wa Mhuju. Apa m'pamene thupi linayamba kubwera. Ndasi loyamba kutuluka m'mafuta linali lawo, kuti alawe. Zinyenyeswa za pansi pa chiwaya zinali zawo. Tiyi ankamwa ndi aliyense wofika, shuga wochita kuunjika. Ogulitsa nyama ankawasungira mafuta a ng'ombe, iwo n'kumawakazinga mpaka auma n'kumatafuna ngati mtedza. Ndipo tsiku lina m'mawa chibangili chinakana kudutsa pakati pa mkono. Anati tsiku limenelo anapereka tiyi waulere kwa msika wonse, osauza munthu chifukwa chake. Anthu anasiya kuwatcha Bango. Anayamba kuwatcha adona.

Mwana wanga Lena atabadwa, ndinayamba kuona zinthu zimene ena sankaona kapena sankafuna kuona. Kuchoka kunyumba kufika pamsika si patali, koma Amama ankapuma panjira, n'kumanamizira kuyang'ana m'munda wa eni. Akawerama kuti anyamule mwana, mpweya unkalira pakhosi. Nthawi ina amayi ankaphunzira nyimbo ndi magule pokonzekera msonkhano wa chipani ku boma. Atsogoleri anawaika kutsogolo kwa mzere.

"NyaHarawa atsogole, alendo akaone kuti ku Henga kulibe njala."

Anavina nyimbo yoyamba nkhope ikuwala. Pakati pa yachiwiri anachoka pamzere n'kukakhala pachulu, dzanja lili pachifuwa. Anati minga yawabaya. Ine ndinayang'ana phazi lawo. Panalibe minga.

Tsiku lina ndikupita ndi Lena kusikelo ya ana, Amama anati apita nawo. Kuchipatala chathu chaching'ono kunali kutabwera sikelo ya akuluakulu, yoimapo, ndipo iwo anamva kuti mkazi wa mwini sitolo ina anakwerapo n'kudabwitsa anthu. Ankafuna kumuposa.

Lena atamupachika pasikelo yake, Amama anaimirira n'kupita kwa a Pearson, bambo wa mpingo amene ankaona odwala pamenepo, amene tonse tinkangowatcha adokotala.

"Adada, ndiyeseni nane. Koma sikelo yanuyo ikathyoka musandilipiritse."

Anakwera. Muvi unayenda, unayenda, amayi amene anali pamzere anayamba kuwomba m'manja. Amama anatsika akugwedeza mapewa ngati akuvina.

A Pearson sanawombe nawo. Anawapempha kuti alowe m'kachipinda, ine n'kulowa nawo chifukwa ndinali nditawanyamulira nsalu. Anawayeza kuthamanga kwa magazi, anamvetsera pachifuwa. Kenako anapempha mkono, n'kutsina kumbuyo kwake pakati pa phewa ndi chigongono, n'kukoka. Chimene chinabwera m'zala zawo chinali chochindikala ngati mpukutu wa nsalu. Anatsinanso pamimba, chammbali.

"Amama, sikelo imangodziwa kulemera basi. Mukaikapo thumba, siidziwa ngati muli chimanga kapena mchenga. Thupi la munthu lili ndi mafupa, mnofu, madzi, ndi mafuta. Chofunika n'chakuti mafutawo atenga gawo lalikulu bwanji."

"Ndiye anga atenga lalikulu," anatero monyadira.

"Atenga lalikulu chomene. Tiyerekeze kuti thupi taligawa pakhumi. Kwa mayi wathanzi, mafuta amakhala magawo awiri kapena atatu. Inu, mmene ndikuonera ndi zala zangazi, adutsa anayi, akuyandikira theka. Ndipo ambiri ali pamimba, pamene amapanikiza za m'kati. Mtima wanu ndi womwe uja munali nawo muli mtsikana. Sunakule nawo. Ukusenza katundu wa anthu awiri."

Ine ndinakumbukira masamu a peresenti a ku Sitandade 6, ndipo ndinamva bwino zimene ankanena. Amama anakwinya nkhope.

"Pamene ndinali ngati bango, munali kuti kuti mundiyamikire?"

"Pameneponso sipanali bwino," anayankha a Pearson. "Mafuta akachepa kwambiri thupi limavutika. Limazizidwa, limadwaladwala, ndipo kwa mayi ngakhale kubereka kumavuta. Mafuta ndi ofunika, koma ali ndi muyeso wake, ngati mchere m'ndiwo."

Anawauza kuti achepetse zokazinga ndi shuga, adye masamba ndi nyemba, ayambenso kuyenda, ndipo abwerenso mwezi ukatha. Amama anati yewo, n'kutuluka. Panjira anandigwira paphewa kuti apume.

"Mwamva, mkamwana? Adokotala anena okha kuti mafuta ndi ofunika. Munthu woonda sabereka. Ndiye chifukwa chake ine ndinangobereka mmodzi."

Pa zonse zimene zinanenedwa m'kachipinda muja, anatola chimenecho. Mwezi unatha, sanabwerere.

Dzuwa la Okutobala litafika, thupi lawo linayamba kukula mofulumira kuposa kale. Nsapato zinakana. Mapazi anatupa mpaka zala zinaoneka ngati zomata. Usiku ankagona chokhala, atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akagona chagada mpweya unkathawa. Koma m'mawa akagwira chibangili, chinali chitalowa m'mnofu, khungu litatukuka uku ndi uku. Ankachionetsa kwa omwa tiyi.

"Onani. Ngakhale nsonga ya singano singalowe."

"Adona akudya bwino," ankatero anthu. "Mwana wawo ndi wosamala."

Tsiku lina masana anakhala pamphasa atatambasula miyendo, Lena akukwawa pafupi. Mwanayo anagwira mwendo wa agogo ake kuti aimirire, n'kukanikiza ndi kadzanja kake pamsongolo. Atachotsa dzanja, panatsala timaenje ta zala zake. Ndinadikira kuti tidzaze. Sitinadzaze. Lena anakwawa mpaka pakhomo, anabwerera, timaenje tija tili pompo.

Ndinatsina mkono wanga, womwe unali utayamba kunenepa ndi mandasi awo. Khungu linabwerera nthawi yomweyo.

Mawa lake ndinabereka Lena n'kupita kuchipatala ngati ndikukafunsa za chifuwa cha mwana. Ndinadikira mpaka anthu onse atatha. Mawu anatuluka movuta, koma a Pearson anamva.

"Amenewo si mafuta, mayi. Ndi madzi. Mtima watopa, ukulephera kupopa magazi, ndiye madzi akutsalira m'thupi. Mafuta aja ndi amene autopetsa, tsopano madzi akuwonjezera katundu. Abwere msanga. Ndipo chibangili chija chichoke, chingawaphere dzanja."

Ndinabwerera ndi mawu amenewo, osadziwa powatula. Mkamwana sauza apongozi ake za thupi lawo. Sawagwira popanda kuitanidwa. Ngakhale kuwayang'ana m'maso n'kulakwa. Ndinauza Hezron ali kumunda akusosa.

Anaimika khasu. "Ukufuna ndikawauze amama kuti aonde?"

"Adokotala akuti ndi madzi."

"Ndiye akaonda anthu adzati chiyani? Adzati Hezron anakatenga mkazi wa ku Ntchisi kuti adzawamane amake chakudya. Iwe sudziwa mmene anavutikira. Asiye adyerere."

Anapitiriza kusosa, koma ndinaona kuti akusosa pamene anasosa kale.

Masiku otsatira sindinakhale pansi. Ndinkasesa pamene ndasesa kale. Ndinkapita kumjigo ndowa zili zodzaza. Ndinayesa kuchepetsa mchere ndi mafuta m'ndiwo mwakachetechete, koma analawa kamodzi n'kukankha mbale.

"Mkamwana, kwanu mumaphikira odwala okhaokha?"

Ndinkakonza mawu m'mutu ndikutsuka makapu. Ndikafika pamaso pawo, mawuwo ankasanduka "tiyi watha" kapena "nkhuni zachepa". Uku zala za dzanja lawo lamanzere, la chibangili, zinayamba kuda kunsonga. Ndinkawaona akuzipinda n'kuzitambasula pansi pa nsalu, poganiza kuti palibe akuona.

Linali tsiku la msika, m'mawa, tili awiri kuseri kwa kanyumba ka tiyi kumene tinkakazingira. Amama anali pampando wawo akutembenuza mandasi. Anagwira chiwaya ndi dzanja lamanzere kuti achisunthe pamoto, dzanjalo n'kungomasuka lokha. Chiwaya chinapendekeka. Mafuta owira anakhuthukira pansi n'kuyenderera mpaka pafupi ndi pamene Lena anakhala akusewera ndi chitsononkho. Ndinamukwatula mwanayo. Sanapse, koma chitsononkho chija chinali chikuthetheka m'mafuta.

Amama ankayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina.

Sindikudziwa kumene mphamvu inachokera. Ndinagwada, Lena ali m'manja, n'kutambasula chala changa n'kukanikiza pamwendo pawo. Ndinachotsa. Dzenje linatsala.

"Amama, si mafuta awa. Ndi madzi. Ndinapita kwa adokotala. Akuti mtima watopa. Akuti chibangili chidulidwe, dzanja lingafe."

Anayang'ana dzenjelo. Anandiyang'ana ine. Sindinaonepo nkhope yawo ili choncho.

"Mwandigwira."

"Pepani, Amama."

"Munapita kukandinena kwa anthu. Ine ndakudyetsani mpaka khosi laoneka, inu mukufuna ndibwerere ku bango. Mukufuna pamaliro anga anthu azidzati, uja anamuthawa mwamuna uja wafa ali chomwecho." Mpweya unawathera, anapuma. "Chokani pamaso panga. Ngati kuno kwakutopetsani, basi ya ku Ntchisi imadutsa pamsewu."

Ndinapita kunyumba. Ndinamanga zovala zanga mu nsalu, n'kumasula, n'kumanganso. Hezron atabwera ndinamuuza za mafuta aja ndi Lena. Anangomutenga mwanayo n'kumuyang'ana mapazi nthawi yaitali. Tsiku lonselo Amama sanandiyankhule, ndipo chakudya chimene ndinaphika sanachikhudze.

M'mawa mwake ndinasuzumira pazenera. Anali pakhonde monga mwa masiku onse, koma sanagwire chibangili. Anali atawerama, akukanikiza chala pamwendo pawo, n'kuchotsa, n'kudikira. Anasuntha pena, anakanikizanso. Anatsina kumbuyo kwa mkono monga anachitira adokotala, n'kuyerekeza. Anachita zimenezi mpaka dzuwa linafika pakhonde.

"Mkamwana," anaitana osatembenuka. "Ndikudziwa muli pazenera. Kaitaneni Gordon. Abwere ndi sowo yake."

Gordon anali wokonza njinga pamsika, bambo wanthabwala amene ankamwa tiyi kwa Amama tsiku lililonse. Anabwera ndi kasowo kodulira zitsulo ndi supuni. Mpini wa supuniyo anaulowetsa movutikira pansi pa chibangili kuti sowo isafike pakhungu.

"Adona, njinga ndadula zambiri, koma ya miyendo iwiri yoyankhula ndi yoyamba."

"Dula, usandiuze mbiri yako. Ukandicheka, tiyi wako ndizithira mchere mpaka kufa."

"Nanga mkuwawu mundipatsa? Ndingapangire mabuleki."

"Upatse ambuyako."

Hezron anagwira mkono, ine ndinkathira madzi kuti chitsulo chisatenthe. Amama anayang'ana kumapiri a Phoka nthawi yonseyo. Chitaduka, Gordon anachikanula ndi pulayala. Pansi pake panali mzere woyera, wonyowa, wonunkha, wolowa ngati pamene chingwe chadya mtengo. Magazi atayamba kubwerera m'zala, Amama anakukuta mano. Anatenga chibangilicho n'kuchiyang'ana.

"Kodi chinali chaching'ono chonchi?"

Anachimanga pakona ya nsalu, ndipo masana omwewo tinawakweza pangolo kupita kuchipatala. A Pearson anawatumiza kuchipatala chachikulu ku boma, kumene anagonekedwa. Ine ndinali wowadikirira. Anawapatsa mapiritsi otulutsa madzi, ndipo ntchito yanga inali yothamanga ndi beseni.

"Zonsezi zinali mwa ine? Ndinkasenza nyanja ya kwathu osadziwa," ankauza amayi a pabedi loyandikana. "Mkamwana, thamangani, Chitimba ikubweranso."

Dzanja linapulumuka, ngakhale zala ziwiri sizinabwererenso mphamvu. Tinabwerera ku Mhuju mvula yoyamba itagwa. Mapazi anali ataphwa, nkhope itatsika, madiresi akulendewera. Mimba yokha inatsala, chifukwa mafuta satuluka ndi mapiritsi. Madokotala ananena mosabisa kuti mtima unali utaonongeka kale. Anati akasamala kadyedwe n'kumayenda pang'onopang'ono, udzapepukidwa, koma sudzabwerera mwakale.

Zimene Hezron ankaopa zinachitika. Kumjigo amayi ankasiya kuyankhula ndikafika. Wina ananena mokweza m'Chitumbuka, poganiza kuti sindimva, kuti mkamwana wa Chichewa wawayamwa adona. Sindinauze munthu, koma Amama zinawafika. Tsiku la msika anandiuza kuti ndiwaperekeze. Anaima pakati pa ogulitsa tomato, atatsamira ndodo.

"Ndamva kuti mukuti mwana uyu akundimana chakudya. Amene akufuna kudziwa abwere adzanditsine. Bwerani. NyaGondwe, iwe uli ndi pakamwa patali, yamba ndiwe."

Palibe anabwera. Ena anaseka, ena anayang'ana tomato wawo. Pobwerera anandiuza kuti, "Musaganize kuti ndakukhululukirani. Ndiwo zanu n'zosakomabe."

Kanyumba ka tiyi anandisiyira ine. Iwo anayambanso kuyenda. Poyamba ankafika pamtengo wa mango wa kuseri, kenako pamjigo, kenako pamlatho. Kusakhazikika kuja kumene kunali m'maso ndi m'zala kunabwerera m'miyendo. Ankadzuka m'mamawa, ankabwerera, ankamwa madzi, ankanyamukanso. Akakumana ndi amayi osenza usipa ochokera kunyanja ankawaimitsa, n'kununkhiza nsombazo, n'kuwanyoza kuti madengu a masiku ano ndi a ana. Ankanena kuti dzinja likatha adzatsika Gorodi ndi miyendo yawo, akaone kwawo. Tonse tinkadziwa kuti sangafike, mwina iwonso ankadziwa.

Sikuti anasintha n'kukhala munthu wina. Ndinkawapeza ndi ndasi lobisa m'nsalu. Masiku ena ankaima pagalasi n'kumadzitukwana kuti Bango wabwerera. Tsiku lina anandiuza kuti akanakonda a Amock akanawaona chaka chathachi, osati chino. Tsiku linanso anati a Amock anali chitsiru, ndipo iwo anali chitsiru chachikulu pomvera chitsiru. Lena ankamudyetsabe mopitirira, koma nthawi zina ndinkawaona akumutsina kamkono mofatsa, n'kukanikiza kamwendo, n'kugwedeza mutu.

Ndipo m'mawa uliwonse ankakhalabe pakhonde. Chibangili chinali mu nsalu, koma dzanja lamanja linkapita lokha pachipsera chija, n'kuzunguliza, n'kukankhira m'mwamba chinthu chimene panalibe.

Anakhala nafe dzinja lonse mpaka chimanga chinauma. Nthawi yokolola ya 1985 mpweya unayambanso kuvuta. Maulendo a pamlatho anafupika, anabwerera pamjigo, anabwerera pamango, mpaka anathera pakhonde. A Pearson ankabwera panjinga kudzawaona, anasintha mapiritsi, koma anauza Hezron kuseri kuti aitane achibale a ku Chitimba. Amama anakana kubwerera ku boma. Anati atopa ndi beseni.

Anamwalira Lachinayi masana, atakhala pampando wawo wa mlombwa umene tinautenga kumsika, achibale ali m'njira. Tinawaika ndi chibangili chili mu nsalu yawo, monga anachimangira okha.

M'mawa wa tsiku limene anamwaliralo ndinali ndikusesa pabwalo, Lena ali kumbuyo. Iwo anali pakhonde atafunda bulangeti, akupuma mofulumira ngati munthu amene wangokwera phiri. Anandikodola ndi dzanja. Ndinasiya tsache n'kugwada chapatali, monga ndinkachitira.

"Senderani kuno. Mukuopa chiyani, si munandigwira kale?"

Ndinasendera. Anatulutsa mkono m'bulangeti, n'kuukweza movutikira, n'kuuika pamiyendo panga. Unali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

"Hezron amandinamiza, amati ndikuoneka bwino. Adokotala amayankhula zozungulira. Inu simudziwa kunama, nkhope yanu imaulula." Anapuma kanthawi. "Tsinani apa, mkamwana, monga anachitira adokotala paja. Mukanikizenso pamwendo. Mundiuze chimene chatsala, ngati ndi mafuta, ngati ndi madzi, kapena ngati ndine."